Nkhanga Ziwiri pa Khadi la a Benedicto

Lachitatu, 2 Julayi 2025

Chiperoni chafika. Phiri la Chiradzulu silinaoneke tsiku lonse. Ana anga a Sitandade 2 anabwera theka, mphuno zikuchucha. Ndawaimbitsa ndi kuwadumphitsa mpaka atamva kutentha.

Poweruka ndinadzera pakhonde pa a Benedicto, atelala a pamsika wa Nguludi. Jumbo yanga ya zidutswa za nsalu inali pamalo pake, koma lero yodzaza, yosamangika n'komwe. Akhuthula madirowa onse a makina, ngakhale kadirowa kaja kotseka ndi kiyi. "Tengani zonse, aphunzitsi. Ku Lilongwe kulibe wozifuna."

Ndinaseka. Kuseka chiyani?

Ndilembe bwinobwino pano, kapena ndikaziona papepala manyazi andigwira n'kuchitapo kanthu. Pa 19 mwezi uno Lawrence, mwana wawo, akubwera ndi galimoto kudzawatenga, iwo ndi makina awo, kupita nawo ku Lilongwe. Akuti bambo wamasiye sangamakhale yekha kuseri kwa sitolo, kumadziphikira mbatata pambaula. Mu Meyi, tikuchokera ku kolona, a Benedicto anandiimitsa panjira, chipewa chili m'manja. "Ngati pali chondisunga kuno, mundiuze ndisanamasule makina." Ine Eluby, wa zaka makumi asanu ndi chimodzi, wolankhula tsiku lonse pamaso pa ana odzaza kalasi, ndinayankha kuti kunja kwayamba kuzizira. Basi. Iwo anavomera kuti kwayambadi.

Masabata asanu ndi awiri apita. Sanafunsenso.

Pakamwa sindingathe. Manja angathe. Pa 11 ndi tsiku la Benedicto Woyera, ndiwapangira khadi, yankho likhala m'katimo. Ndangolemba izi ndipo makutu atentha ngati mtsikana wa Fomu 2.

Lachisanu, 4 Julayi

Ndakhuthulira jumbo yonse pamphasa. Zidutswa za yunifolomu ya sukulu, za suti za maukwati, mkono wa malaya a winawake. Mudzi wonse wa Nguludi uli pamphasa panga, mzidutswa.

Pansi penipeni, zokulungidwa pamodzi, zidutswa za nsalu ya buluu wakuda, yojambulidwa mbalame. Nkhanga. Madontho oyera, miyendo yofiira, iliyonse yoyang'ana kwake ngati yamva chinachake kutchire. Nsalu yakale, yofewa, yochapidwa kambirimbiri. Zoterezi sizipezekanso. Ndakhala nayo pamiyendo mpaka nandolo anapserera mumphika.

Ziwiri zoyang'anana. Khadi ndi limenelo.

Ndimaganiza za momwe ndinayambira zimenezi. Ku Ndunde, amuna anga a Denis atangomwalira, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Anthu atabalalika, nyumba itangoti zii, manja anga ankangoyendayenda patebulo kusowa chogwira. Kale ankagwira mankhwala, supuni, thaulo. Tsiku lina ndinang'amba kalendala yakale, n'kumata tsamba louma la mango kuseri kwake, n'kulemba dzina la Deborah, mwana wanga, poti ankalemba mayeso. Khadi loipa zedi. Tsambalo linathothoka asanafike kusukulu. Alisungabe ku Limbe mpaka lero, pamalo pa tsamba pali chibanga cha guluu.

Kuyambira pamenepo, ubatizo khadi, ukwati khadi, wodwala khadi. Nditasamutsidwira kuno zaka ziwiri zapitazo, a Benedicto anandiona ndikutola kansalu pansi pa khonde lawo ngati wakuba. Mawa lake ndinapeza jumbo ikulendewera pamsomali. Miyezi inayi tinkangopatsana jumbo ndi moni.

Lamulungu, 6 Julayi

Ku Misa. Iwo mbali ya abambo, benchi lachitatu, jekete lija la khofi lomwe anadzisokera okha. Ndinadziletsa kuyang'ana. Ndayang'ana kasanu ndi kamodzi.

Pa nyimbo ya mtulo kwaya yonse inali pa ndime yachiwiri, ine pa yachitatu, mokweza. Doreen, mnzanga wa alto, anandiponda phazi. Potuluka akuti, "Achemwali, Ambuye ali kutsogolo, osati kumanzere." Mkazi ameneyu wakhala ku Nguludi zaka makumi awiri ndipo palibe chimene chimamudutsa. Ndinamuuza kuti khosi landiuma ndi chisanu. "Lauma mbali imodzi yokha?"

Za khadi sindinamuuze. Ndikamuuza m'mawa, pofika masana msika wonse ukhala ukundipatsa moni wachilendo.

Madzulo ndaphika guluu. Ufa wa makaka supuni ziwiri, madzi ozizira, kutakasa pamoto wochepa mpaka uchite kuwala ngati galasi. Guluu wa m'sitolo amaumitsa nsalu, nkhanga zingaoneke ngati za pulasitiki. Wa makaka amalowa mu ulusi n'kukhala chete. Amayi ankamatira zithunzi za oyera pakhoma ndi yemweyu, ife tikunyambita mthiko.

Ndanyambita mthiko.

Lolemba, 7 Julayi

Tchuthi. Tsiku lonse langa.

Pepala: chikuto cha kalendala ya parishi ya chaka chatha, kuseri kwake koyera, kolimba bwino. Ndalidula ndi lezala watsopano ndi rula. Pansi, makungwa ouma a nthochi, ong'ambidwa mizere yopyapyala, ndiye udzu. Pamwamba kaduwa kamodzi kofiira ka pampanda wa ku misheni, kamene kakhala m'dikishonale chiyambire Epulo. Pakati nkhanga.

Kudula nkhanga kwanditengera ola lathunthu. Miyendo yake ngati ulusi. Sizasi yaing'ono, mpweya ndagwira, lilime panja. Ndikanadziona pagalasi.

Funso lalikulu la tsikuli: ziyandikane bwanji? Ndikaziika pafupi, milomo ikugundana, khadi likuoneka lopanda khalidwe. Ndikazitalikitsa, zikuoneka ngati zakangana za malire a munda. Ndazisuntha, ndazisunthanso. Pomaliza mpata wa chala chimodzi. Anthu akuluakulu, opemphera, koma oyang'anana.

Ndamata. Ndaimba. Ndavina pang'ono ndi tsache, poti panalibe wondiona.

Chiperoni chokhachi. Guluu sakuuma, khadi likupindika ngati tsamba la fodya. Ndaliika pansi pa mabuku, pamwamba mwala wa pakhomo.

Lachiwiri, 8 Julayi

Mphemvu. Zadya kona yonse ya kumanzere, udzu wanga wa nthochi ndi guluu wake. Zinaima pa chala chimodzi kuti zifike pa mwendo wa nkhanga yaimuna. Ndakuwa m'mawa mpaka aneba anafunsa ngati mwalowa njoka.

Ndakonza. Udzu watsopano, wabwinonso kuposa woyamba. Ndaliumitsa ndi simbi ya makala, nsalu yoyera pamwamba, pang'onopang'ono. Tsopano likugona m'poto wovundikira, pamwamba pa kabati. Mfumu.

Ndi iti yaimuna, ndi iti yaikazi? Nkhanga zimafanana. Koma ine ndikudziwa.

Lachitatu, 9 Julayi

Mawu. Kunja kwa khadi kwatha, m'kati muli mbee.

Ndadzaza masamba atatu a kope la ana. "Wokondedwa bambo." Ayi, ngati kalata yopempha ntchito. Vesi ya m'Baibulo? Aganiza kuti ndikuwatsanzika mwachikhristu. Ndinalemba ndakatulo ya mizere isanu ndi itatu, ndaiwerenga mokweza, ndaiponya pambaula isanandichititse manyazi kwa adzukulu.

Deborah anaimba foni ndili pakati pa zimenezi. "Amayi, mukuseka chiyani?" Ndati palibe. "Mawu anu akumveka ngati mwamwa." Ndati ndi tiyi wa mandimu. Kenaka iye: "Ngati ndi atelala aja, musawazunze, ndi achikulire." Ndinadula foni. Wadziwa bwanji? Anawaona kamodzi kokha, pa Khirisimasi, akundipatsa jumbo.

Ndinapita kumanda m'maganizo, ku Ndunde, kukakhala pang'ono ndi a Denis. Sindinapemphe chilolezo, abale awo anandimasula kalekale. Ndinangowauza. Ndikuwadziwa, akanafunsa chimodzi chokha, ngati munthuyo amakhoza kukonza denga. Sakhoza. Amasoka.

Mawu anabwera ndikutsuka mbale. Anali a Benedicto omwe aja, ndangowatembenuza.

"Musamasule makina."

Pansi pake, Eluby. Inki ya buluu.

Lachisanu, 11 Julayi

Ndachita.

M'mawa uliwonse amatulutsa makina pakhonde, kuwapukuta, kenaka n'kupita kukamwa tiyi kwa a Kassim, tsidya la msewu. Mphindi khumi. Ndinabisala kuseri kwa mulu wa kabichi ngati ndikusankha, mayi wogulitsa akundiuza mitengo katatu. Atangolowa kwa a Kassim, ine uyo. Ndinakweza phazi la makina, envulopu pansi, phazi n'kutsitsa. Ngati nsalu yodikira kusokedwa.

Potembenuka, a Kassim ali pawindo, ketulo m'manja, akundiyang'ana. Anakweza ketuloyo pang'ono ngati moni.

Ndinathamanga. Ine. Ndi chikwama cha makope, ndi bondo langa lija. Ndinafika kusukulu belu lisanalire, wefuwefu, ahedi n'kufunsa ngati agalu andipirikitsa.

Lero ana aphunzira kuti zisanu kuphatikiza zitatu ndi zisanu ndi zinayi. Kamtsikana ka kutsogolo kanandikonza. Ndakapatsa choko chonse cha mtundu.

Poweruka ndazungulira njira ya kuchigayo kuti ndisadutse pamsika. Tsopano ndakhala pakhonde, kope pamiyendo, maso kumsewu. Njinga iliyonse ndi iwo. Yadutsa ya makala, ya mkaka, ya akatekisiti. Dzuwa latuluka koyamba sabata ino, phiri labwerera pamalo pake. Zonse zikuoneka zochapidwa.

Sanabwere. Ndi munthu wodekha. Mawa.

Loweruka, 12 Julayi

Doreen anabwera kudzabwereka simbi. Zidutswa zinali patebulo, nsalu ya buluu ili ndi mabowo awiri ooneka ngati nkhanga.

Anaima pakhomo osalowa. "Mwaitenga kuti iyi?"

Ndinamuuza zonse, ndikuseka, nkhope m'manja. Iye sanaseke. Anakhala pampando, n'kutenga kachidutswa, n'kukasalaza pabondo.

Ndi chitenje cha malemu a Josephine. Akazi awo a Benedicto.

Nguludi yense akuchidziwa, akutero Doreen. Ankachivala pa chikondwerero chilichonse, ankayimba nacho kwaya pamalo pomwe ndimaima inepa. Ndi chomwe anafunda m'chipatala mwezi wawo womaliza. Pogawa zovala za malemu ku Mpama, kwawo kwa mkaziyo, a Benedicto anagwada pamaso pa a Nester, mkulu wake wa malemu, kupempha chitenje chimodzi chokhachi. Mwamuna satenga chovala cha mkazi, ndi cha abale ake aakazi. Anawapatsa chifukwa analira.

Ine ndinabwera kuno patatha chaka ataikidwa. Sindinawaonepo. Munthu mmodzi yekha m'parishi yonse wosadziwa nsalu imeneyi, ndi amene waidula ndi sizasi n'kuimata ndi makaka, n'kulembapo dzina lake.

Pali chinanso. Ku Mpama sanawasudzule. Mkazi akamwalira, abale ake amakhala pansi n'kumumasula mkamwini kuti apite, akwatire ngati afuna. A Nester anaitana kawiri, a Benedicto anakana kawiri, ati sanatope nawo ukamwini. Ndiye kuti pamwambo akadali mwamuna wa a Josephine. "Mwawafunsira amuna a eni, pa nsalu ya eni," anatero Doreen. Kenaka anandigwira dzanja. Simbi anaiiwala.

Lamulungu, 13 Julayi

Benchi lachitatu, malo awo opanda munthu.

Ndaimba ndime zonse molondola.

Lachiwiri, 15 Julayi

Pakhonde palibe makina. Chitseko chotseka, loko. Msomali wa jumbo uli wokha.

Ndinalimba mtima n'kulowa kwa a Kassim. Sindinafunse, anayamba okha, akupukuta kapu. Lachisanu lija a Benedicto anatsegula envulopu, anakhala pampando, sanasoke kanthu mpaka masana. Wina anabwera ndi buluku long'ambika, anamubweza. Loweruka m'mamawa analowetsa makina, n'kukwera njinga kulowera ku Mpama, jekete la khofi, envulopu m'thumba la pamtima. "Nkhope yawo inali bwanji?" ndinafunsa. A Kassim akuti, "Ngati munthu amene wameza tiyi wotentha pamaso pa apongozi."

Sindikudziwa tanthauzo lake. Ndaganiza njira yonse.

Ndaimba foni kamodzi. Yozima.

Apita kukapepesa, basi. Kukaonetsa a Nester zimene mlendo wa ku Ndunde wachita ndi nsalu ya m'bale wawo. Loweruka galimoto ibwera, makina akwera, ine nditsala ndi dzina latsopano pamsika.

Chikundipweteka si manyazi okha. Ndakhala ndikuyang'ana zidutswazi. Mayi ameneyu anasankha nsalu iyi pakati pa nsalu zonse za m'sitolo, ine ndinaisankha pakati pa jumbo yonse. Tikanagwirizana. Tikanaima limodzi ku alto, n'kumapondana mapazi.

Ndazikulunga mu nsalu yoyera. Ndikazibweza, ngakhale ndikazisiye pamsomali.

Lachinayi, 17 Julayi

Abwera. Abwera, abwera.

Dzanja, khazikika, ulembe mwadongosolo.

Cha m'ma 3 koloko, ndikusenda nandolo pakhonde. Njinga yamatope mpaka pachishalo, iwo ndevu za masiku asanu. Anaimika njinga, inagwa, anaisiya. Ndinaimirira, nandolo yense pansi, nkhuku za aneba n'kuyamba phwando.

Ndinayamba kupepesa. Ndinali nditakonza mawu ambiri, abwino. Anakweza dzanja. "Aphunzitsi, wolakwa ndine. Ndinakhuthula dirowa osayang'ana." Chitenjecho anachidula okha pa Pasaka, kusokera diresi mdzukulu wawo, mwana wa Lawrence, amene anamutcha dzina la agogo ake. Zotsala anatsekera m'kadirowa kaja. Polongedza, mtima uli kwina, zonse zinapita mujumbo.

Atatsegula envulopu, akuti, anayamba kuona nkhanga, mawu anawaona pambuyo. Analira kaye za nkhanga. Kenaka anawerenga, n'kulira za mawu. Kenaka anazindikira kuti sangandiyankhe, poti si mfulu. "Munthu sungavomere ndi pakamwa pomwe miyendo ili yomangidwa kwina." Ndiye anakwera njinga kukapempha chimene anakana kawiri.

Masiku asanu chifukwa amalume a malemu anali kumaliro kutali, anachita kuwadikira. Foni inatha moto tsiku loyamba. Ankagona m'nyumba yawo yakale, denga likudontha chiperoni.

Ndipo khadi anawaonetsa a Nester. Ndinafuna kukhala pansi, ndinapeza ndakhala kale.

A Nester, akuti, analitenga, n'kupita nalo padzuwa, n'kulitembenuza, n'kulinunkhiza. Kenaka: "Alamu, mkazi ameneyu wadula miyendo yonse bwinobwino, ngakhale chala chimodzi sichinaduke. Wankhanza sadula chonchi." Anafunsa ngati ndinkadziwa. Atamva kuti ayi, anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye Josephine wadzisankhira yekha mnzake."

Koma pali mawu. Awasudzula Loweruka lino, pamaso pa abale onse, pokhapokha zinthu ziwiri zitachitika. Choyamba, nkhanga zotsala zisabwerere m'dirowa. Aliyense alandire khadi lake: a Nester, ang'ono awo awiri, amalume, ndi ana anayi a malemu. Asanu ndi atatu. Chachiwiri, wopangayo akapereke yekha. "Ndimuone m'maso, osati papepala."

Atatha kufotokoza tinangokhala. Iwo pampando, ine pamphasa, nkhuku pakati. Mpata wa mikono iwiri. Ndinafunsa ngati makina amasulidwa. Anati ngakhale sikuluu imodzi.

Ndinawaphikira tiyi, ndinathira mchere. Anamwa theka asananene.

Lachisanu, 18 Julayi

Ndapempha ahedi kuti ndiweruke msanga. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Pitani, mayi, musanaphunzitse ana kuti sabata ili ndi masiku khumi."

Doreen wabwera ndi sizasi yake ndi pakamwa pake. Sindinamulole kudula, iye za makungwa a nthochi ndi simbi basi. Masana onse nkhani za a Josephine. Ankaseka mpaka kugwira khoma. Ankaopa achule. Anamenyapo wakuba nkhuku ndi buku la nyimbo. Ndinkadula nkhanga zawo ndikumva zonsezi, ndipo penapake ndinayamba kulankhula nawo chamumtima. Pepani mayi, ndikudutsa pakhosi apa. Gwirani mwendo.

Doreen akuti, "Mukavale chiyani mawa? Musakavale cha mbalame." Ndamugenda ndi chidutswa cha kolala.

Vuto. Nkhanga zathunthu zilipo zisanu ndi ziwiri. Yachisanu ndi chitatu ndi theka, ya pakona ya chitenje, mutu ndi chifuwa basi. Pamenepo nsalu ndi yothetheka, yamakwinya osamva simbi, yotuwa ngati inkagwidwagwidwa. Ndayesa kuibisa mu udzu wa nthochi kuti ioneke ngati ikutuluka patchire. Ikuonekabe theka. Ndani alandire theka? Amalume ayi. A Nester, Mulungu andithandize, ayi.

Ndafunsa a Benedicto ngati Lawrence amuuza kuti asabwere ndi galimoto. Anayang'ana kudenga. Ati foni ikadali kotchaja. Bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi kuopa mwana wake. Ndawauza kuti ndikanakhala ndi choko ndikanawaimika pakona.

Makhadi asanu ndi awiri ali m'mapoto, mapoto onse a m'nyumba muno. La a Nester ndalisiya lomaliza, ndimata m'mawa manja atapuma. Ndadya mbatata yootcha poti pophikira palibe.

Loweruka, 19 Julayi

Mphindi zochepa, akundidikira.

Lawrence anafika 8 koloko ndi kalole ka buluu, zingwe ndi makatoni kumbuyo. Anapeza makina ali pakhonde, bambo ake akusoka buluku lija anabweza. Zimene anakambirana sindinamve. A Kassim akuti mawu anakwera, kenaka anatsika, kenaka onse awiri anawoloka msewu kudzamwa tiyi osayang'anana.

Kenaka anabwera kuno. Wamtali, nkhope yosaseka, makiyi a galimoto akuzungulira pachala. Moni waulemu koma wouma. "Ndamva kuti muli ndi zinthu za amayi anga."

Ndinayala makhadi patebulo. La theka ndinaliika kumapeto, pansi pa linzake, ngati mwana wobisa kope.

Anawayang'ana limodzilimodzi, manja kumbuyo. Atafika kumapeto anasuntha lapamwamba. Anaima. Makiyi analeka kuzungulira.

Ndinayamba kufotokoza kuti nsalu inatha, ndiyesa kupeza njira ina. Sanandimve. Anaika chala pa makwinya aja. "Apa ndi pomwe amayi ankamanga mfundo. Kiyi wa nyumba ankakhala apa. Ndikachoka kusukulu ndinkawapeza kumunda, n'kumasula ndekha ndi mano."

Analitenga, n'kuliika m'thumba la malaya. "Ili ndi langa. Ena asalione, angalilimbirane."

Anatuluka panja, anakhala nthawi kuseri kwa lole. Pobwera maso ofiira, mawu a bizinesi. Akuti mafuta anathira kale a ulendo wautali, ndiye galimoto isabwerere chabe, itinyamule tonse kupita ku Mpama. Makatoni atsitsa, aika benchi la a Kassim. Anawauza bambo ake kuti, "Ababa, inu kumbuyo ndi a Doreen. Kutsogolo kukhala amayiwa, ali ndi katundu wosweka."

Amayiwa.

Ndavala chitenje chobiriwira chopanda chithunzi chilichonse. Ndasintha mpango katatu. Sindikudziwa kuti a Nester ndikawayang'ana bwanji, ndikagwada pati, ndikayamba ndi mawu ati. Doreen akuti ndisakayambe ndi za nyengo.

Hutala ya lole ikulira. Kachiwiri.

Khadi la a Nester silinaume. Ndilinyamula m'manja, lotsegula, njira yonse, ndipo Lawrence ayendetse pang'onopang'ono pa mabampu, chifukwa mwendo umodzi wa nkhanga ukadali wonyowa.